Impact wrench yoyamba: zoti muone musanatulutse ndalama

Buku la Toyota limati nati ya tayala la Vitz, Corolla kapena Sienta imangidwe pa mphamvu ya 103 Nm (newton-mita, muyezo wa mphamvu yomangira nati). Si mphamvu yoopsa imeneyi. Mutapachika katundu wa makilogalamu 10 kumapeto kwa chitsulo chotalika mita imodzi, ndiye kuti mwatsala pang'ono kuifikira. Koma taganizani mnyamata womata matayala, wolemera makilogalamu 70, akaimirira ndi miyendo yonse iwiri kumapeto kwa sipanala yotalika theka la mita: pamenepo nati yalandira pafupifupi 340 Nm, kuposa katatu zimene anaikonzera. Onjezanipo matope ndi dzimbiri la dzinja lonse. Ambirife timayamba kuganiza za impact wrench tsiku limene tayala latikanira pakhomo pathu pomwe, ana akuonerera.

Ine si makaniko. Ndimangokonza ndekha galimoto ya pakhomo Loweruka: mabuleki, mashoko, ma CV joint, kusinthanitsa matayala. Za m'kati mwa injini ndimasiyira eni ake. Ndiye zimene ndikulemba pano n'za munthu wotere, wa galimoto imodzi kapena ziwiri zochokera ku Japan, amene akufuna kugula kamodzi basi osabwereranso kusitolo akudandaula. Wa galaja yotumikira anthu tsiku lonse ali ndi masamu ena.

Maganizo anga ndi awa, ndinene poyambirira: gulani impakiti ya batire, ya theka la inchi, yamphamvu yapakatikati, ndipo muigule ngati chomasulira manati, osati chomangira. Ndalama imene mwakonza isathere pa makina okha, chifukwa popanda masoketi ake ndi torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu imene mwamangira nati), mwagula chida chothyolera masitadi, mabawuti aja omangapo manati a tayala.

Musasokoneze zida ziwirizi

M'sitolo mudzapeza zida ziwiri zofanana kwambiri maonekedwe, ndipo ogulitsa ena zonse amangoti impakiti. Yang'anani kumphuno. Impact driver ili ndi kabowo ka makona 6, kolowetsamo timitu tomangira masikuluwu. Ndi ya akalipentala ndi okhoma malata. Impact wrench ili ndi kachitsulo ka makona anayi kotulukira kunja, povalikapo soketi. Ya galimoto ndi yachiwiriyi. Alipo amene amaika adaputa pa driver kuti ivale soketi, ndipo pa timabawuti ta 10 mm zimatheka ndithu, koma pa nati ya tayala kaadaputako ndi kamene kamathyoka.

Kachitsulo ka makona anayi kaja kamabwera m'masaizi osiyana. Ka 3/8 inchi n'kabwino m'malo othina a mu injini. Ka 3/4 ndi ka inchi yathunthu n'ka malole ndi mathirakitala. Ka theka la inchi ndi kamene kamagwira pafupifupi chilichonse pa galimoto yaing'ono kapena pikapu, ndipo masoketi ake ndi amene ali mbwee m'mahadiweya. Pa chida choyamba palibenso zokambirana apa.

Mmene imagwirira ntchito n'zosavuta. M'kati muli mota imene imazungulitsa chitsulo cholemera, hamala yake. Nati ikakana, hamalayo imakwera pa sipuling'i, n'kudumpha, n'kumenya kachitsulo kogwira soketi kaja chammbali, ndipo imatero maulendo oposa 2,000 pa miniti. Ndi zomwe amachita makaniko akamamenya sipanala ndi hamala, kungoti mwachangu kwambiri. Kumenya kumeneku ndi kumene kumaswa dzimbiri m'mazinga. Kulinso ndi ubwino wina umene anthu sauganizira: mphamvuyo siibwerera kudzanja lanu, ndipo chinthu chimene mukumasulacho sichipeza mpata wozungulira. N'chifukwa chake impakiti imamasula nati tayala lili m'mwamba pa jeke, kapena bawuti ya pule ya injini popanda wina kugwirira.

Mpweya, chingwe kapena batire

Ya mpweya ndi imene mumaimva ikulira m'magalaja akuluakulu. Payokha siidula ndipo imakhalitsa, koma imafuna kompuresa yokhoza kusunga mpweya pa 6 bar kupita m'mwamba, thanki yaikulu ndi payipi yotakata bwino. Kakompuresa kopopera matayala sikangaiyendetse. Ngati mulibe kompuresa kale, iwalani.

Ya chingwe ndi yotsika mtengo ndipo ilibe batire loti lidzafe. Vuto lake mukulidziwa: Loweruka limene mwapatula kuti musinthe mashoko ndi limenenso magetsi athima, ndipo panjira ya ku Nkhotakota palibe soketi ya magetsi pansi pa mtengo. Zambiri za chingwe n'zazikulu thupi, sizilowa kuseri kwa habu. Palinso tina tolumikiza pa choyatsira fodya cha m'galimoto, ta 12V, timene timazungulira kaye kenako n'kumenya kamodzi, kuzunguliranso, kumenya. Tingakuthandizeni kusintha tayala ngati manati anamangidwa mwaulemu. Kupitirira apo ayi.

Yatsala ndi ya batire, ndipo zaka zino za batire zafika poposa zambiri za mpweya zimene tinkazisirira kale.

Mphamvu: yambirani pa galimoto yanu, osati pa katoni

Apa ndi pamene ndalama zambiri zimatayikira, ndiye ndichedwapo.

Musanapite kusitolo, dzifunseni kuti nati yovuta kwambiri imene mudzakumane nayo ndi iti. Manati a matayala a magalimoto ang'onoang'ono amamangidwa pakati pa 100 ndi 120 Nm: Toyota 103, Honda 108, Volkswagen zambiri 120. Mabawuti ogwira chitsulo cha kalipa ya buleki ali chapomwepo. Mabawuti awiri ogwira shoko kumunsi pa magalimoto ambiri amaposa 150 Nm, ndipo amakhala m'madzi ndi m'matope moyo wawo wonse. Nati yaikulu ya pakati pa habu, yogwira CV joint, pa Vitz ndi Corolla zambiri imamangidwa pa 216 Nm. Ndiye pali bawuti ya pule ya crankshaft, imene pa injini za Honda inatchuka dziko lonse lapansi chifukwa cha kukanika kwake. Manambala enieni a galimoto yanu ali m'buku lake, ndipo ngati linabwera la Chijapanizi, la Chingerezi limapezeka pa intaneti.

Tsopano dziwani kuti nati yomangidwa pa 216 Nm zaka zapitazo siimasuka ndi 216 Nm lero. Dzimbiri, kutentha kwa mabuleki ndi dzanja la amene anaimanga komaliza zimawonjezera. Ine ndimatenga nambala ya m'buku n'kuichulukitsa kawiri kapena katatu, ndipo yotulukayo ndi imene ndimafuna pa makina.

Pa katoni pamalembedwa manambala awiri, ndipo apa m'pofunika maso. Ina ndi mphamvu yomangira, ina ndi yomasulira, imene amailemba kuti nut-busting kapena breakaway torque. Yomasulira imakhala yaikulu nthawi zonse, ndiye ndi imene makampani amakonda kuilemba ndi zilembo zikuluzikulu. Poyerekeza makina awiri, onetsetsani kuti mukuyerekeza yomangira ndi yomangira inzake. Nditenge Makita monga chitsanzo, osati chifukwa ndi yokhayo yabwino, koma chifukwa imalemba manambala onse awiri poyera ndipo mitundu yake itatu ikuonetsa bwino magulu amene alipo. DTW300 imamanga mpaka 330 Nm, imamasula mpaka 580 Nm. DTW700 imamanga 700 Nm, imamasula 1,000 Nm. DTW1002 imamanga 1,000 Nm, imamasula 1,600 Nm. DeWalt, Milwaukee ndi Bosch nawonso ali ndi magulu atatu omwewa: yaing'ono, yapakati ndi chimphona.

Yaing'ono ndi yokoma kugwira. Ndi yopepuka, ndi yaifupi, imalowa paliponse, ndipo ntchito zambiri za pa galimoto yaing'ono imazitha. Koma tsiku la nati ya habu yochita dzimbiri ikhoza kungolira osasuntha kanthu, ndiye mubwerera ku sipanala yovekedwa paipi yaitali yomwe mumaithawa. Chimphona nacho sichikanika kanthu, koma chimaposa makilogalamu atatu chili ndi batire. Yesani kuchinyamula ndi dzanja limodzi mutagona chagada pansi pa galimoto. Ndi chachitali, pakati pa shoko ndi bodi sichilowa, ndipo m'manja mwa munthu wongoyamba kumene chimadula bawuti ya 12 mm asanazindikire n'komwe kuti wadina.

N'chifukwa chake ndimati yapakati, yomanga pakati pa 500 ndi 800 Nm. Imamasula nati ya habu, imatha mabawuti a Hilux kapena Ranger, komabe mukhoza kuigwiritsa ntchito tsiku lonse dzanja osatopa kwambiri. Ngati galimoto yanu ndi Mira, Alto kapena Passo ndipo simukuganiza zopitirira matayala ndi mabuleki, yaing'ono ya kampani yodalirika ikukwanirani, ndalama yotsalayo mugulire masoketi. Ngati muli ndi Canter kapena Dyna, nkhani ndi ina: pamenepo mpofunika chimphona, mwinanso cha 3/4 inchi.

Chenjezo limodzi kwa a malolewa, poti ndawatchula. Malole ambiri akale a ku Japan ali ndi manati a mazinga amanzere ku matayala a mbali ya kumanzere, ndipo pa sitadi kapena pa nati pamakhala chilembo L. Amenewa amamasuka mozungulira chakumanja. Ndi sipanala ya manja mumazindikira msanga kuti china chake chalakwika. Impakiti siikuuzani kanthu, imangomangirabe mpaka sitadi itaduka.

Nanga makina opanda dzina amene amalembedwa 1,200 Nm koma mtengo wake ndi wofanana ndi wa batire limodzi la Makita? Manambala amenewo palibe amene anawayeza. Ikani m'manja muone kulemera kwake. Mphamvu ya impakiti imachokera ku kulemera kwa hamala yam'kati ndi liwiro lake, choncho kanthu kopepuka ngati chidole sikangamenye ngati makina a makilogalamu atatu, kalembedwe zotani pambali pake. Ena mwa makinawa amamasula ndithu manati a matayala, ndipo ngati thumba lafika pomwepo, guleni mukudziwa kuti mwagula yaing'ono, osati chimphona. Pakati pa opanda dzinawa ndi makampani odula aja pali Ingco ndi Total, zimene zimapezeka m'mahadiweya ambiri, zili ndi mabatire ake ogulika padera, ndipo kwa munthu wa Loweruka lokha n'zoyenera kuziganizira.

Batire

Choyamba, 18V ndi 20V n'chimodzimodzi. M'kati mwa batire muli timabatire tisanu tolumikizana, kalikonse ka 3.6V, zonse pamodzi 18V. Tikangochoka pa tchaja timakhala pafupi ndi 4V kalikonse, ndiye amene akufuna nambala yooneka bwino amalemba 20V. DeWalt imagulitsa batire lomwelo ku America ngati 20V Max, ku Ulaya ngati 18V. Ndiye mukaona batire laling'ono lolembedwa 88V, 128V kapena 388V, dziwani kuti m'katimo muli timabatire tisanu tomwe tija, ndipo amene wanama pa nambala imeneyi wanamanso pa ya Nm.

Nambala yofunika kuiona ndi ya Ah. Ambiri amaganiza kuti imangonena za kutalika kwa nthawi imene batire likhale lisanathe, koma pa impakiti ili ndi ntchito inanso. Batire la 2.0Ah nthawi zambiri lili ndi mzere umodzi wa timabatire tisanu, pamene la 4.0Ah kapena 5.0Ah lili ndi mizere iwiri, timabatire 10. Mizere iwiriyo imagawana katundu, choncho mota ikafuna moto wambiri nthawi imodzi, batire siligwa mphwayi. Makina omwewo amamenya mwamphamvu ali ndi batire lalikulu kusiyana ndi laling'ono. Ngati mukusankha pakati pa mabatire awiri a 2.0Ah ndi limodzi la 4.0Ah kapena 5.0Ah, tengani limodzi lalikululo. Pa ntchito ya pakhomo limodzi limakwana, poti impakiti imagwira ntchito masekondi ochepa pa nati iliyonse.

Kugula chida cha batire kuli ngati kukwatira: simutenga munthu yekhayo, mwalowa m'banja lonse. Batire la Makita sililowa pa DeWalt, la Bosch sililowa pa Ingco, ndipo ngakhale m'kampani imodzi mumakhala mabanja awiri, monga Makita LXT ya 18V ndi XGT ya 40V zimene sizibwerekana. Batire ndi tchaja nthawi zina zimadula kuposa makina enieniwo. Ndiye ngati muli kale ndi dirilo kapena galainda ya batire ya kampani inayake, yambani mwaona impakiti ya kampani yomweyo, mugule makina okha opanda batire. Ngati mulibe kalikonse, funsani funso ili musanalipire: batire limeneli likadzafa zaka zikubwerazi, lina ndidzaligula kuti, muno m'tauni momwe muno? Wogulitsa akayamba kukanda m'mutu, tulukani.

Samalaninso ndi mtengo wooneka wotsika pa intaneti. Kawirikawiri ndi wa makina okha, ndipo penapake pamakhala palembedwa body only kapena bare tool ndi tizilembo tating'ono. Pa Makita chilembo Z kumapeto kwa nambala, monga DTW700Z, chimatanthauza zomwezo.

Ambiri timatumiza abale a ku Joni kapena ku UK kuti atigulire. Pali zinthu ziwiri zoti muwauze. Tchaja ikhale ya magetsi a 220 mpaka 240V ngati athu. Ya ku South Africa ndi ya ku UK zili bwino. Ya ku UK pulagi yake ndi yathu yomweyi, ya ku South Africa imangofuna adaputa kapena kusintha pulagi. Koma yogulidwa ku America ndi ya 120V, ya ku Japan ndi ya 100V, ndipo mukangoilumikiza kukhoma kwathu kuno yapsa. Chachiwiri, ngati akubwera pa ndege, mabatire a lithium osamangirira pa chida saloledwa m'chikwama chopita pansi, amayenera kukhala m'chikwama cha m'manja, ndipo malire osafuna chilolezo ndi 100Wh (Wh mumaipeza pochulukitsa V ndi Ah). Batire la 18V 5.0Ah ndi 90Wh, limadutsa. La 6.0Ah ndi 108Wh, limafuna kuti kampani ya ndege ivomere kaye.

Mota ya brushless ndi yabwino kuposa ya mabulashi: siitentha msanga, siidya batire kwambiri, ndipo mulibe makala oti muzisintha. Makina abwino ambiri masiku ano ndi otere kale, choncho sindichedwapo.

Zing'onozing'ono zimene mumazidziwa mutaigwira

Ikhale ndi masitepe a mphamvu, atatu kapena anayi, ndiponso chodinira chomvera chala, choti mukadina pang'ono izungulire pang'onopang'ono. Makina a liwiro limodzi lokha ndi ovuta kuwalamulira. Ena ali ndi auto-stop: pomasula amaima okha nati ikangomasuka kuti isathawire m'maudzu, pomanga amaima akangoyamba kumenya. Kwa wongoyamba ichi n'chinthu chamtengo wapatali ndithu.

Onaninso chogwira soketi. Pali mphete yaing'ono kumapeto kwa kachitsulo kaja, imene soketi mumangoikankha n'kuisolola ndi dzanja, ndipo pali kapini kamene kamalowa m'bowo la soketi, kofuna kukatosa ndi msomali kuti soketi ichoke. Kapini n'ka anthu ogwira ntchito pamwamba pa nyumba, oopa kuti soketi ingagwere munthu pamutu. Pa galimoto, pamene mukusintha 14, 17, 19 kangapo pa ntchito imodzi, tengani ya mphete. Katochi ka kutsogolo kamathandiza kuseri kwa tayala. Chikwama cholimba chosungiramo n'chabwino koma musachilipirire ndalama zambiri.

Masoketi ndi torque wrench

Masoketi onyezimira a m'bokosi lanu la zida, olembedwa Cr-V, anapangidwira mphamvu ya dzanja. Chitsulo chake n'cholimba koma n'chosachedwa kusweka chikamamenyedwa, ndipo chikasweka zidutswa zimauluka. A impakiti ndi akuda, okhuthala, kawirikawiri olembedwa Cr-Mo. Chitsulo chake chimapirira kumenyedwa. Musanyengedwe ndi mtundu wokha, chifukwa penti wakuda ndi wotchipa. Werengani zimene zadindidwa pa soketipo.

Simukufunika seti ya masoketi 40. Magalimoto a ku Japan amazungulira pa 10, 12, 14, 17, 19, 21 ndi 22 mm. Manati a matayala a Toyota, Nissan ndi Mazda ambiri ndi 21, a Honda ndi Suzuki 19, a Volkswagen ndi Mercedes-Benz 17. Tengani aatali, a makona 6, chifukwa amagwira nati mbali zonse osaidya makona, ndipo amalola sitadi yaitali kulowa m'kati. Pa nati ya habu ya Toyota zambiri mpofunika soketi yapadera ya 30 mm ya makona 12, poti natiyo ndi ya makona 12. Ya makona 6 siilowa n'komwe. Suzumirani pa galimoto yanu musanagule. Ngati muli ndi malimu a aloyi okhala ndi mabowo opanikiza, alipo masoketi opyapyala ovekedwa pulasitiki kunja, a 17, 19 ndi 21, amene sakanda limu.

Chitsulo chilichonse chimene mwaika pakati pa makina ndi nati chimadya mphamvu. Ekisitenshoni yaitali imapotoka pang'ono nthawi iliyonse hamala ikamenya, ndiye nkhonya imafika ku nati itafooka. Nati ikakanika muli ndi ekisitenshoni, ichotseni kaye muyesenso musananyoze makina.

Torque wrench ndiye mnzake wa impakiti wosasiyana naye. Impakiti siidziwa kuti yamanga pa Nm zingati. Imangomenya mpaka mutachotsa chala. Nati ya tayala yomangidwa mopitirira imakoka sitadi mpaka kuitalikitsa, ndipo sitadi yotero imadzaduka tsiku lina muli pa liwiro. Manati omangidwa mosiyanasiyana mphamvu amathanso kupangitsa kuti disiki ya buleki isakhale bwino pa habu, galimoto n'kumanjenjemera mukaponda buleki. Gulani torque wrench ya theka la inchi, yolira kuti "tha" ikafika pa nambala imene mwaitchera. Zofala zimalekezera pa 210 Nm. Izi zikukwana matayala, mabuleki ndi mashoko ambiri, koma onani kuti nati ya habu ija ya 216 Nm yatsala kunja pang'ono. Tsiku limenelo bwerekani yaikulu kapena gulani yofika 340 Nm ngati mukudziwa kuti ma CV joint muziwasintha nokha. Mukamaliza ntchito ibwezereni pa nambala yotsikitsitsa kuti sipuling'i yake isatope, ndipo musamaigwiritse ntchito ngati chomasulira.

Ngati ndalama ikukanika kukwanira zonse, dongosolo langa ndi ili: torque wrench, breaker bar yaitali (chitsulo cha manja chovala soketi, chomasulira manati olimba) ndi ma axle stand awiri (miyendo yachitsulo yochirikiza galimoto ikakwezedwa) poyamba, impakiti pambuyo. Popanda impakiti ntchito imachedwa koma imatheka. Popanda ma stand, munthu amafera pansi pa galimoto yotsamira pa jeke yokha, ndipo njerwa zosanjikiza sizilowa m'malo mwake.

Kagwiritsidwe kake

Pomasula, tsukani kaye matope pa mazinga ndi bulashi ya waya, thirani Q20 kapena WD-40, muisiye ilowerere. Soketi ilowe mpaka pansi pa nati, makina aongoke bwino ndi bawuti. Onani kabatani kosinthira mbali kawiri. Dinani masekondi atatu kapena asanu, pumirani, dinaninso. Ngati nati sikusuntha, musakakamire miniti yathunthu: mukungotenthetsa makina ndi kudya makona a nati. Yesani kuimanga pang'ono kenako kumasula, nthawi zambiri dzimbiri limasweka motero. Nati ya habu ili ndi mkombero umene anaupinda kulowa mumpata wa shafiti kuti isamasuke yokha. Uwongoleni kaye ndi ponchi, apo ayi muwononga mazinga a shafiti. Pobwezera ikani nati yatsopano.

Pomanga, nati iliyonse iyambe ndi zala, izungulire kangapo mosavuta. Ikalowa mopingasa zala zimamva, impakiti siimva, imangodula mazinga atsopano pamwamba pa akale. Mukatero mukhoza kuithamangitsa ndi impakiti pa sitepe yotsikitsitsa mpaka itangokhudza limu, osapitirira. Tsitsani galimoto, malizani ndi torque wrench modumphadumpha, nati iyi kenako ya kutsidya kwake, osati motsatana. Mazinga a masitadi a matayala musawapake girisi kapena oyilo, chifukwa nambala ya m'buku ija ndi ya mazinga ouma. Mukayenda makilomita 50 mpaka 100 onaninso manati onse.

Pali malo amene impakiti siyenera kufikako ngakhale mutachedwa bwanji. Mapulagi a injini amamangidwa pa mphamvu yosafika 30 Nm ndipo amalowa mu aluminiyamu. Bawuti yokhetsera oyilo ndi pafupifupi 40 Nm. Mabawuti a cylinder head ali ndi dongosolo lawolawo. Timabawuti ta 10 mm, masensa, chilichonse cholowa mu aluminiyamu kapena pulasitiki: zonsezi n'za dzanja. Manati otsekera akuba, aja ofuna kiyi wake, amasuleni ndi breaker bar, chifukwa mano a kiyiyo ndi opyapyala ndipo akathyoka tayalalo silichokanso mwamtendere.

Valani magalasi oteteza maso, dzimbiri limathothoka ngati mchenga. Phokoso la impakiti pansi pa galimoto limafika pafupi ndi 100 dB, ndiye zotsekera m'makutu si manyado. Musagwire soketi ndi dzanja pamene ikuzungulira, makamaka mutavala magolovesi olendewera.

Batire la lithium limadana ndi kutentha. M'buti ya galimoto yoimikidwa padzuwa la mu Okutobala si malo ake. Ngati mukupita nalo paulendo, mukafika lilowetseni m'nyumba. Musalisiye litatheratu kwa miyezi, ndipo musalitchaje likadali lotentha kuchokera pa ntchito.

Tsiku logula

Zabodza zilipo zambiri, makamaka za Makita ndi DeWalt, ndipo zina amazipanga mwaluso. Nambala ya mtundu wa makina imene ili pa katoni ifanane ndi ya pa makina, ndipo ipezeke pa webusaiti ya kampaniyo ndi manambala a mphamvu omwewo. Batire lenileni la 5.0Ah limaposa theka la kilogalamu. Lopepuka modabwitsa lili ndi timabatire tochepa m'kati. Mtengo ukatsika kufika theka la wa kwa ogulitsa ovomerezeka, musadzinamize kuti mwachita mwayi. Funsani lisiti ndi pepala la waranti, komanso kuti ikawonongeka amakonzera kuti.

Yogwiritsidwapo kale ntchito si yoipa, bola muiyese. Gwedezani kachitsulo ka kutsogolo: kusewera pang'ono kutsogolo ndi kumbuyo n'kwachibadwa, koma kugwedera kwambiri cham'mbali ndiye kuti mabushi atha. Makona ake akhale akuthwa, opanda mng'alu. Nunkhizani potulukira mpweya wa mota ngati pali fungo la kupsa. Dinani kabatani ka pa batire muone magetsi angati akuyaka, musanayese ndi mutayesa. Batire lotha limagwa kuchoka pa anayi kufika pa awiri ndi manati ochepa chabe.

Ndipo kaya ndi yatsopano kaya yakale, pitani ndi galimoto yanu, soketi ya impakiti ya saizi yanu ndi wilo sipanala. Pemphani wogulitsa kuti mumasule nati imodzi pa tayala lililonse panja pa sitolo pomwepo, makamaka la kumbuyo limene silinachotsedwe kwa nthawi yaitali. Makina apakati abwino amaimasula m'sekondi imodzi kapena ziwiri. Akalira masekondi 10 pa nati ya tayala, ya habu sadzaitha. Mukamaliza bwezerani manati onse anayi ndi zala, muwalimbitse ndi sipanala musananyamuke, ndipo mukafika kunyumba muwayeze ndi torque wrench.